Kodi timasingano ta ku China tingazimitse moto wa kumapazi kwa munthu wa shuga?

FUNSO

Zikomo alembi a tsamba la zaumoyo. Ine ndi bambo wa zaka 61, ndinapuma ntchito ya uphunzitsi, ndimakhala ku Chilobwe. Anandipeza ndi shuga mu 2014 ndipo ndimamwa metformin mmawa ndi madzulo kuphatikizapo ka glibenclamide. Vuto langa ndi mapazi. Chaka chachiwiri chino usiku sindigona, kunsi kwa mapazi kumayaka ngati ndaponda makala, pena kubaya ngati minga, olo bulangete lingokhudza chala chachikulu ndimadzidzimuka, moti mayi akunyumba anazolowera kundipeza pakati pa usiku nditakhala pakhonde mapazi ali mubeseni la madzi ozizira. Chondidabwitsa nchoti masana mapazi omwewo amachita dzanzi, patapata amavuka ine osadziwa. Panado ndi brufen ndamwa mpaka ndatopa nazo. Mwana wanga wamkazi ali ku Johannesburg ndiye akuti ndikamuone mwezi wamawa, kumeneko kuli malo amabaya anthu timasingano ta ku China, akuti acupuncture, ndipo mnzake wa kuntchito zinamuthandiza msana. Kodi ine zingandithandize? Nanga ndikayamba ndisiye mankhwala akuchipatalawa? Ndalama yake si yochepa ndipo ndi thukuta la mwana wanga, sindikufuna ingopita mmadzi.

Bambo wa ku Chilobwe, Blantyre

YANKHO

Bambo, pepani kwambiri, zaka ziwiri osagona bwino si zamasewera ayi ndipo amene sanaumvepo motowu amangoona ngati munthu akukokomeza poti phazi likamaonedwa limakhala labwinobwino, lopanda chotupa lopanda bala. Ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri chifukwa ndi limene landichititsa mantha. Mankhwala a shuga musasiye, olo tsiku limodzi. Singano sitsitsa shuga. Wina aliyense akadzakuuzani kuti ikani kaye metformin pambali tikubayeni mwezi umodzi, dzukani pabedi lakelo muvale nsapato zanu muzipita.

Zimene mukufotokozazi akuchipatala amazitcha diabetic neuropathy, kuonongeka kwa mitsempha yomvera chifukwa cha shuga. Pachichewa pathu mitsempha timangoti mitsempha, ya magazi ndi yomvera yomwe, koma pano ndikunena ija imanyamula uthenga kuchoka pakhungu kupita ku ubongo kuti apa patentha, apa pabaya. Shuga akakhala wokwera mmagazi kwa zaka amaiononga pang'onopang'ono, komanso amaononga timitsempha ta magazi ting'onoting'ono timene timaidyetsa. Yoyamba kuvutika ndi yaitali kwambiri, yochoka kumsana mpaka kuzala zakuphazi, nchifukwa chake zimayambira kuzala nkumakwera ngati mukuvala sokosi, zikafika cha mmaondo ndi pamene ena amayamba kuzimvanso mmanja. Simuli nokha, mpaka theka la anthu a shuga amadzakumana nazo pa moyo wawo. Ndipo zoti usiku moto masana dzanzi musadabwe nazo, ndi nthenda imodzi yomweyo. Mtsempha woonongeka uli ngati waya wa magetsi wosupuka, pena ukuthetheka pawokha popanda wougwira, pena magetsi osadutsa nkomwe.

Tsopano za masinganozo. Ndi njira yakale kwambiri ya ku China, yadutsa zaka 2000. Eni ake amafotokoza kuti mthupi mumayenda mphamvu imene amaitcha qi, mmikwasa yakeyake, ndipo ikatsekeka penapake munthu amadwala, ndiye pali malo opitilira 360 pathupi amene amabayapo kuti njira itseguke. Mikwasa imeneyo madokotala ong'amba thupi sanaipezepo, koma kubaya kwenikweniko kuli ndi zimene kumachita, thupi likamva kabaya kameneko limatulutsa timankhwala take tochepetsa ululu monga ma endorphin. Kumayiko a azungu zinatchuka kwambiri mu 1971 pamene mtolankhani wa New York Times, James Reston, anachitidwa opaleshoni ya appendix ku Beijing nkulemba mmene anamubayira masingano pofuna kuchepetsa kupweteka kwa mmimba opaleshoni itatha. Singano zake sizili ngati za jakisoni, nzopyapyala kwambiri, zilibe bowo ndipo mulibe mankhwala aliwonse. Mumagona pabedi, amakubayani zingapo mmiyendo mwina ndi mmanja, nkuzisiya mphindi 20 kapena 30, ena amalumikizako kamakina kopatsa magetsi ochepa ongonyerenyetsa. Ambiri amati sizipweteka kwenikweni, umangomva kulemera kapena kukoka penapake.

Kodi zimagwira pa vuto ngati lanuli? Apa ndikufuna ndikhalitsepo chifukwa mpamene pagona ndalama ya mwana wanu.

Mu 1998 madokotala a ku Manchester ku England anayesa pa anthu 46 a shuga omva kupweteka kwa mitsempha. Mwa 44 amene anamaliza, 34 anati akupezako bwino, ndiye kuti 77 pa 100 aliwonse. Ukangomva nambala imeneyi ukhoza kugula tikiti ya basi lero lomwe. Koma kafukufuku ameneyu analibe gulu lofananitsa nalo, onse anabayidwa ndipo onse amadziwa kuti akulandira chithandizo. Ndipo ululu ndi chinthu chomvera mtima kwambiri, munthu akakulandira bwino, nkukumvetsera mofatsa, nkukugoneka pamalo abata kwa theka la ola ukukhulupilira kuti uchira, kupweteka kumatsika ndithu olo singanoyo isanachite kanthu. Ndiye ofufuza anapanga singano zabodza, zimene zimangokhudza khungu nkubwerera mkati mwa chigwiriro chake ngati eriyo ya wailesi ikamapindidwa, wodwala nkumaona ngati yalowa. Akafananitsa zenizeni ndi zabodzazi pa matenda ambiri opweteka, kusiyana kumapezeka kochepa kuposa mmene anthu amayembekezera.

Mu 2017 bungwe la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusonkhanitsa kafukufuku wa dziko lonse nkumupeta ngati mpunga, linaona za acupuncture pa ululu wa mitsempha. Anapeza kafukufuku 6 yekha woyenera kuwerengedwa, anthu onse pamodzi 462, ndipo anamaliza ndi mawu oti umboni ndi wosakwanira kunena kuti zimathandiza kapena kuti sizithandiza. Kuchokera apo ku Germany, ku Hamburg ndi ku Berlin, kwachitikanso kafukufuku pa anthu a shuga enieni ndipo zotsatira zake zinali zolimbikitsa, anthu ena kupweteka ndi dzanzi zinachepa, koma magulu ake anali ang'onoang'ono ndipo anawatsatira kwa miyezi yochepa. Ku Britain bungwe la NICE limene limalangiza zipatala za boma linavomereza mu 2021 kuti acupuncture ikhoza kuyesedwa pa ululu wokhalitsa wosadziwika gwero lake, koma pa ululu wa mitsempha ngati wanuwu malangizo awo amayambira pa mankhwala akumwa.

Ndiye maganizo anga ndi awa bambo. Pali anthu amene amapezako mpumulo, amagona bwinoko kwa masabata angapo, ndipo tulo kwa munthu amene wakhala zaka ziwiri pakhonde si chinthu chochepa, sindingachinyoze. Koma kuti mitsempha yoonongeka ibwerere mwakale chifukwa cha singano, umboni wolimba palibe, ndipo ukasiya kupitako ululu ukhoza kubwerera. Komanso si zobaya kamodzi basi, mu kafukufuku ambiri anthu amapita maulendo 6 mpaka 12 mkati mwa miyezi iwiri kapena kuposerapo, ndiye muwerengere mtengo wa ulendo umodzi kuchulukitsa pamenepo, komanso muone ngati masiku anu okhala ku Joni akukwanira. Ngati mwanayo angakwanitse popanda kulowa mu ngongole, yesani ngati chowonjezera. Tengani kakope, usiku uliwonse muzilemba ululu wanu kuyambira 0 mpaka 10 ndi maola amene mwagona, muyambe sabata imodzi musanabayidwe. Mukapita maulendo 5 kapena 6 manambala ali pomwepo, lekani, ndalama yotsalayo ikagule nsapato zabwino ndi timapepala toyezera shuga.

Mukaganiza zopita, ku South Africa obaya masingano amayenera kukhala mkaundula wa boma, ambiri ali pansi pa Allied Health Professions Council of South Africa, ndiye mwana wanu afunse nambala yawo ya kaundula musanalipire, wolembetsedwa sakwiya ndi funso limeneli. Singano azitsegula mupaketi inu mukuona ndipo akamaliza aziponye mukabokosi kotayira, singano yobwereza imafalitsa hepatitis B ndi HIV. Muwauze poyamba pomwe kuti muli ndi shuga komanso mapazi ali ndi dzanzi. Pamene pali chilonda, mng'alu, chotupa kapena khungu lasintha mtundu asabayepo, ndipo ngati mapazi amakhala ozizira, magazi sayenda bwino, ine ndingakonde asabaye kuphazi nkomwe. Pali china amachitcha moxibustion, amayatsa kachitsamba kouma nkumakayandikitsa pakhungu kuti pafunde, ena amaika nyale yotentha pamwamba pa miyendo. Zimenezo kanani ndithu, inu kutentha simukumva bwino, mudzazindikira matuza atatuluka kale. Ngati mumamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin kapena muli ndi kabatire ka mtima, nenaninso. Ndipo poti mumamwa glibenclamide musapite ndi njala, idyani kaye ndipo muthumba mukhale maswiti awiri atatu, shuga angakutsikireni muli pabedi. Akakugulitsani timabotolo ta zitsamba toti timathetsa shuga musagule, kunja kuno zapezekapo kangapo kuti mankhwala ena otchedwa achilengedwe anathiramo glibenclamide mobisa, ndiye kuphatikiza ndi wanu uja munthu ukhoza kukomoka.

Koma chimene chandikhudza mukalata yanu nchoti zaka ziwiri zonsezi mwakhala pa panado ndi brufen. Amenewo ululu wa mitsempha saufika, ndipo brufen ndi diclofenac mukamamwa tsiku ndi tsiku amapweteka impso, chonsecho impso za munthu wa shuga zili kale pa chiopsezo. Alipo mankhwala ake a vutoli. Amitriptyline ndi wotchipa ndipo mzipatala zathu amapezeka kawirikawiri, amamwa usiku kuyambira pa mlingo wochepa nkumakweza pang'onopang'ono, amaumitsa kukamwa, amagonetsa, ndipo kwa abambo a msinkhu wanu nthawi zina amavutitsa pokodza kapena kusokoneza kagundidwe ka mtima, nchifukwa chake akulembereni ndi adokotala osati kukagula pa okala. Enanso ndi gabapentin, pregabalin ndi duloxetine, odulirapo. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotsogozedwa ndi Professor Solomon Tesfaye wa ku Sheffield, amene anatuluka mu 2022, anapeza kuti kuyamba ndi amitriptyline, pregabalin kapena duloxetine kumathandiza mofanana, ndipo amene mtundu umodzi sunawakwanire anapezako bwino ataphatikiza iwiri. Ndiye wotchipayo si wachabe ayi. Sathetseratu ululu, ambiri umangotsika kufika poti akhoza kugona, ndipo amafuna masabata angapo kuti muone kusintha, osataya mtima tsiku lachitatu.

Musanakwere basi pitani ku kiliniki ya shuga ndi kabuku kanu ka kuchipatala, mukanene mawu omwe mwandilemberawa, ndipo mukavule nsapato ndi sokosi zomwe musanauzidwe. Akuyezeni mapazi ndi kaulusi kaja ka pulasitiki amakhudzitsa kunsi mutatsinzina. Mufunsenso za vitamini B12, poti metformin mwamwa zaka zambiri ndipo amatha kuichepetsa mthupi, kuchepa kwakeko pakokha kumabweretsa dzanzi lomweli ndipo kumachizika. Ngati nkotheka akuyezeni HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi itatu yapitayi, kwa anthu ambiri cholinga chimakhala cha mma 7 peresenti. Kusunga shuga bwino ndi kumene kumachedwetsa kuonongekaku, kafukufuku wa ku America ndi Canada wa mu 1993 pa anthu 1,441 a shuga wa mtundu woyamba anapeza kuti kwa amene anasunga shuga wawo bwino kwambiri vuto la mitsempha linachepa ndi pafupifupi 60 pa 100. Pa shuga wa akuluakulu ngati wanu phindu lake ndi locheperapo koma lilipo, makamaka mukasamalanso BP, kusiya fodya ndi mowa, ndi kuyenda tsiku lililonse.

Za patapata amene amavuka inu osadziwa, bambo, ine zimenezo zikundidetsa nkhawa kuposa motowo. Ndinaonapo bambo wina atabwera kudzadandaula kuti sokosi ikumanyowa, titamuvula nsapato tinapeza kachitsekerero ka botolo kali mkati, mano ake atalowa pansi pa chala chachikulu, anayenda nako kuchokera mmawa osamva kanthu. Chilonda chimenecho chinatenga miyezi. Miyendo yambiri imene imadulidwa chifukwa cha shuga imayamba ndi kanthu kakang'ono chonchi. Ndiye madzulo aliwonse muziona kunsi kwa mapazi ndi pakati pa zala, ndi kagalasi kapena mayi akunyumba akuthandizeni. Nsapato muzikutumula ndi kupisamo dzanja musanavale. Osayenda opanda nsapato olo pabwalo panu pomwe, osawotha mapazi pa mbaula mwezi wa June, madzi osamba muziyamba mwawayesa ndi chigongono. Beseni lausiku lija chepetsani, kuviika nthawi yaitali kumafewetsa khungu nkuyamba kung'ambika, bola kansalu konyowa kwa mphindi zochepa kenako kupukuta bwino nkudzola Vaseline kuzidendene koma osati pakati pa zala.

FUNSO

Amuna anga ali ndi shuga ndipo miyendo imawabaya. Apongozi akuti tipite nawo kumudzi akawatemere mphini, akuti nchimodzimodzi ndi zimene amachita ma China zija, kungoti ife timagwiritsa lezala. Ine mtima ukukana koma ndikuopa kuoneka wamwano. Ndichite bwanji?

Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO

Mayi, mtima wanu ukunena zoona. Apongozi akufunira mwana wawo zabwino, palibe kholo limene lingagone mwana wake akubuula, ndiye musawayankhe mokalipa. Koma sizofanana. Singano ya acupuncture imasiya kabowo kosaoneka nkomwe, pamene mphini ndi bala lotseguka, kangapo kangapo, kenako nkupakamo phulusa kapena ufa wa mitsitsi umene sitikudziwa muli tizilombo tanji. Mwendo wa munthu wa shuga magazi safika bwino, asilikali a mthupi amagwira ntchito mofooka shuga akakwera, ndipo mwini wake samva kuti bala lavunda mpaka fungo litayamba. Pamwamba pa izo pali nkhani ya lezala yobwerekana ndi kafumbata.

Nkhaniyi musaisenze nokha. Amuna anuwo ndi amene alankhule ndi mayi awo, kapena mudzere kwa ankhoswe kapena amalume awo amene amamveredwa pabanjapo. Chimene ndaona kuti chimathandiza kwambiri ndi kuwatenga apongoziwo pa tsiku la kiliniki, alowe nawo, amve okha kuchokera kwa anamwino ndipo aone okha mmene kaulusi kakukhudzira phazi la mwana wawo iye osamva. Mukatero muwapatse gawo lawo, mwachitsanzo aziwatumizira mgaiwa, nyemba ndi masamba kuchokera kumudzi, poti chimene akufuna iwo ndi kuthandizapo.

FUNSO

Ine ndilibe shuga, anandiyeza kawiri, koma mapazi amayaka chimodzimodzi mmene anthu a shuga amanenera. Ndili pa ma ARV kuyambira 2008 ndipo chaka chatha ndinamwanso mankhwala a TB. Masingano angandithandize?

Owerenga wa ku Mzuzu

YANKHO

Achimwene kapena achemwali, poti simunanene, moto wa kumapazi si wa shuga yekha. Kachilombo ka HIV pakokha kamatha kuononga mitsempha. Komanso amene anayamba ma ARV zaka zimenezo kuno kwathu ambiri anayambira pa mankhwala amene munali stavudine, amene amadziwika kwambiri ndi vuto lomweli mpaka anachotsedwa, koma kwa ena zimene anaononga zinatsalira mpaka lero. Mmankhwala a TB muli isoniazid amene amadya vitamini B6, nchifukwa chake amapereka limodzi ndi kapilisi ka pyridoxine, kaya inu munalandira nkumamwa. Mowa wambiri, makamaka kachasu, nawonso umachita zomwezi.

Pa masingano, apa yankho lilipo lomvekerako. Mu 1998 ku America anayesa pa anthu 250 a HIV omva kupweteka kwa mitsempha, ndipo acupuncture sinapose kubaya kongoyerekeza, amitriptyline nayenso mu kafukufuku yemweyo sanapose mapilisi opanda mankhwala. Ndiye ine sindingakulimbikitseni kuonongerapo ndalama. Ma ARV musasiye. Pa tsiku lanu lotengera mankhwala mukawauze kuti motowu unayamba liti, unalipo kale TB isanabwere kapena wakula mutayamba mankhwala ake, poti yankho limenelo ndi limene liwathandize kudziwa koyambira, ndipo mupemphe akuoneni za pyridoxine, B12 ndi kuchuluka kwa magazi, shuganso amuyezenso chaka chino poti zaka zikamapita amatha kubwera mosagogoda.